MPHOTHO YA WOYENDETSA BWINO: KODI NJA MWAMUNA YEKHA KAPENA NJA BANJA?

M'dziko la Britain muli nkhani imene imadzidzimutsa akazi amasiye ambiri patangopita masabata owerengeka chiikire amuna ao m'manda. Mai amene wakhala ali kuyendetsa galimoto la banja kwa zaka 20, kuperekeza ana kusukulu ndi kupita nalo kunchito osaligunditsa ndi kamodzi komwe, amafunsa kampani ya inshuwalansi kuti dzina lake lilowe m'malo mwa dzina la malemu. Pamenepo amamuuza mtengo woposa wakale uja kutalitali, mwina kawiri. Akafunsa chifukwa chake, yankho limakhala lakuti m'mabuku a kampani iye alibe chaka ndi chimodzi chomwe cha mbiri yabwino, pakuti zaka zonse zija zinali kulembedwa pa dzina la mwamuna wake.

Si makampani onse amene amaumitsa mtima chotere ai. Ambiri akafunsidwa bwino amabvomera kupereka mbiri ya malemu kwa mkazi wake, kapena ya mkazi kwa mwamuna wake. Koma amatero mwa kufuna kwao, popanda lamulo lowakakamiza, ndipo apa ndi pamene pagona bvuto. Amalawi ambiri, anamwino, aphunzitsi ndi ena amene anapita kukaonjezera maphunziro, ali kukhala m'dziko limenelo ndi mabanja ao. Kotero nkhaniyi si yachilendo kwa anthu a m'maofesi a Boma ndi a m'masukulu amene ali ndi ana kapena abale kumeneko, kapena amene ali kukonzeka kupitako.

Mphothoyo nchiani

Lamulo la pamseu la chaka cha 1930 ndilo linayamba kukakamiza aliyense woyendetsa galimoto ku Britain kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene angawabvulaze kapena kuwapha pangozi. Lero nkhaniyi ili m'lamulo lotchedwa Road Traffic Act la chaka cha 1988. Munthu wogwidwa ali kuyendetsa popanda inshuwalansi angalipitsidwe £300 ndi kulembedwa zizindikiro 6 za chilango pa laisensi yake, ndiponso apolisi ali ndi mphamvu yolanda galimotolo. Inshuwalansi tsono njosathawika, ndipo chimene chimasiyanitsa munthu ndi mnzake ndi mtengo wokha.

Kampani siingathe kukwera m'galimoto la munthu aliyense kuti ione kayendetsedwe kake. Chimene ingathe kuona ndi mabuku ake. Chifukwa chake makampani anakhazikitsa mwambo wakuti chaka chilichonse chimene munthu watha osapempha kampani kulipira kanthu, mtengo wa chaka chotsatira uzichotseredwako. Angerezi amati No Claims Discount kapena No Claims Bonus, ndipo m'nkhani ino chinthuchi chitchedwa mphotho.

Kukula kwa mphotho kumasiyana malinga ndi kampani. Kawirikawiri chaka choyamba chimachotsa pafupifupi magawo 30 pa 100, ndipo pofika zaka 5 mphotho imafika magawo 60 pa 100 kapena kupitirirapo. Makampani ena amapitiriza kuwerenga mpaka zaka 9 kapena kuposa, koma zaka zoonjezerazo sizichotsa zambiri. Mwachitsanzo, ngati mtengo wathunthu wa galimoto lina uli £1,000 pachaka, munthu wa magawo 60 alipira £400 yokha, pamene mnzake wopanda mphotho alipira £1,000 yonseyo. Galimoto ndi lomwelo, mseu ndi womwewo, koma kusiyana kwake ndi £600 chaka ndi chaka.

Mphothoyi imatha kuphwasuka. Kampani ikalipira ngozi imodzi, mwambo wa makampani ambiri ndi kumbweza munthu zaka 2 m'mbuyo, kotero kuti wa zaka 5 amatsala ndi 3. Chimene ambiri sachimvetsa nchakuti pano sayang'ana wolakwa, amayang'ana ndalama. Galimoto likagundidwa lili chiimire pamsika, wogundayo nkuthawa osadziwika, mwini wake angataye mphotho ngakhale anali kutali ndi chiongolero, pakuti kampani yalipira ndipo ilibe kokatenga ndalama zake. Pali njira yoteteza mphotho polipira ndalama zapadera, koma imeneyo imasunga chiwerengero cha zaka chokha. Siiletsa mtengo wathunthu kukwera pambuyo pa ngozi.

Dzina limodzi lokha

Pa pepala la pangano la inshuwalansi pamakhala maina a mitundu iwiri. Pali dzina la mwini pangano, amene ndiye walonjezana ndi kampani, ndipo pali maina a anthu ena amene aloledwa kuyendetsa galimotolo. M'mabanja ambiri a galimoto limodzi, mmodzi amakhala mwini pangano ndipo mnzake amangolembedwa ngati wololedwa. Mphotho imapita kwa mwini pangano yekha. Siikhala pa galimoto, pakuti munthu akagulitsa lake nagula lina amapita nayo. Siikhalanso pa nyumba kapena pa ukwati.

Apa pali kukondera kumene munthu woganiza bwino sangalephere kukuona. Mkazi wololedwa uja akachita ngozi, kampani nkulipira, mphotho imene imaphwasuka nja mwamuna wake. Ndiko kuti kampani imabvomereza kuti kayendetsedwe ka maiyo kamakhudza mbiri ya panganolo. Koma maiyo akayendetsa mosamala kwa zaka 15, mbiri yabwinoyo siilembedwa pa dzina lake ai. Imakanenepetsa mphotho ya mwamuna. Pa tsoka amawerengedwa, pa mwayi sawerengedwa. Makampani amayankha kuti alibe njira yodziwira kuti wololedwayo anayendetsadi kangati, pakuti alipo anthu olembedwa pa pangano amene sagwira chiongolero chaka chathunthu. Yankholi lili ndi nzeru yake, koma silitonthoza munthu amene anali kuyendetsa tsiku ndi tsiku. Alipo makampani owerengeka amene amampatsa wololedwa kamphotho kake, koma kawirikawiri kamagwira nchito pa kampani yomweyo basi, ndipo makampani ena sakazindikira.

Kale akazi anali ndi pothawira pang'ono, chifukwa makampani ambiri anali kuwalipiritsa mtengo wotsikirapo poona kuti ngozi zazikulu zimachuluka pakati pa amuna, makamaka anyamata. Koma bwalo lalikulu la milandu la European Union linagamula m'chaka cha 2011 kuti kusiyanitsa mtengo chifukwa chakuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi nkosaloleka, ndipo chigamulocho chinayamba kugwira nchito pa 21 December 2012. Chiyambire tsikulo mkazi sapezanso mtengo wotsika chifukwa cha ukazi wake, ndipo mbiri yolembedwa pa dzina lake ndiyo yatsala yomlankhulira. Akuluakulu anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mphotho ya mwamuna, kwa mkazi wake, ndi fodya wapachala.

Pamene makampani amalola

Palibe lamulo ku Britain lonena kuti mphotho isamuke kuchoka kwa mwamuna kupita kwa mkazi, ndiponso palibe lamulo loletsa. Kampani iliyonse ili ndi mwambo wake, koma miyamboyo ikaikidwa pamodzi imaonetsa njira zofanana.

Imfa ndiyo nthawi imene makampani amafewa kwambiri. Ambiri amalola wamasiye kutenga zaka za malemu, makamaka ngati dzina lake linali kale pa panganolo ndipo iye mwini alibe mbiri ya ngozi. Ngati dzina lake silinalembedwepo, nkhani imalimba, pakuti palibe umboni wakuti anali kuyendetsa. Tsono kulemba mkazi kapena mwamuna pa pangano, ngakhale sikumpatsa mphotho lero, kumamkonzera poyambira mawa. Nkoyenera kudziwanso kuti mphotho si chuma chamasiye. Munthu sangailembe m'kalata yogawa chuma chake monga alembera nyumba kapena ng'ombe. Abale a malemu sangailande, zoonadi, koma wamasiye nayenso sangaitenge ngati cholowa chake, amangopempha.

Nthawi ina ndi pamene mwini pangano waleka kuyendetsa chifukwa cha ukalamba, kufooka kwa maso kapena matenda ena. Apa makampani angapo amalola kusamutsa ngati mwiniwake walemba kalata yonena kuti wapereka mphotho yake ndipo sadzaifunanso. Mau omalizawa ndi olemera. Mphotho ikapita yapita. Bambo amene wapereka zaka zake 9 kwa mkazi wake pamene ali kudwala, akachira nafuna kugula galimoto lake, adzayamba ngati mnyamata wongolandira kumene laisensi, kupatula kuti msinkhu wake udzamthandizako pa mtengo.

Kutha kwa ukwati ndiko kumabvuta koposa zonse. Galimoto lingagwere mkazi pogawana katundu, koma mphotho imatsata dzina la mwini pangano. Kuti isamuke pafunika chilolezo cha mwiniyo pamodzi ndi cha kampani, ndipo anthu amene ali kusudzulana sachedwa kumanana ngakhale chinthu chimene wochimanayo alibe nacho nchito. Makampani ena amamchotserako mtengo wosudzulidwayo ngati aonetsa kalata yakuti anali wololedwa kwa zaka zakuti popanda ngozi, koma kuchotsera kumeneko nkwa chiyambi chabe, ndipo kukula kwake kuli m'manja mwa kampani.

Pamene onse awiri ali moyo, ali bwino, ndipo angofuna kusinthana kuti mtengo utsike, makampani ambiri amakana, ngakhale alipo ena amene amalola kamodzi kokha.

Galimoto lachiwiri, ndi zaka ziwiri

Pali mfundo ziwiri zimene zimakola mabanja amene zinthu zayamba kuwayendera. Yoyamba njakuti mphotho imagwira nchito pa pangano limodzi pa nthawi imodzi. Bambo wa zaka 8 za mphotho akagulira mkazi wake galimoto lachiwiri, sangaziike zaka zomwezo pa magalimoto onse awiri. Lachiwirilo limayamba lopanda kanthu, pokhapokha kampani itabvomera kufanizira mphotho ya galimoto loyamba pa lachiwiri, chinthu chimene ena amachita pofuna kukopa banja lonse. Koma galimoto lachiwiri ndiwo mpata wabwino wakuti mkazi ayambe mbiri yake. Banja limene limalembetsa magalimoto onse awiri pa dzina la bambo, poganiza kuti mutu wa banja ndiye ayenera kusaina zonse, limataya mpata umenewu ndipo limadzazindikira mochedwa.

Mfundo yachiwiri njakuti mphotho imafa ikakhala osagwiritsidwa nchito. Makampani ambiri salandira umboni wa mphotho umene wapitirira zaka 2 chithere pangano lomaliza. Izi zimagwera anthu amene anakwatirana aliyense ali ndi galimoto lake ndi mphotho yake, kenaka nagulitsa limodzi pofuna kusunga ndalama. Amene wasanduka wololedwa chabe amaona zaka zake zonse zikufufutika patapita zaka 2. Mabanja ochenjera amasinthana umwini wa pangano: chaka chino mwamuna, chaka chamawa mkazi, kotero kuti palibe mphotho imene imagona kufikira kufa. Njira yomweyi ingathandize wopanda mphotho kuyamba yake pang'onopang'ono. Chaka chimene iye ali mwini pangano mtengo udzakwera, inde, koma ndalamayo ili ngati yogulira mbeu.

Chenjezo pa zabodza

Posinthana chotere pali dzenje limene ambiri agweramo. Kampani imafunsa kuti woyendetsa galimotolo kawirikawiri ndani, ndipo funso limeneli nlosiyana ndi lakuti mwini pangano ndani. Makampani ambiri amalola kuti mwini pangano akhale mwamuna pamene woyendetsa wa masiku onse ndi mkazi, malinga ngati auzidwa zoona. Cholakwa ndi kunena kuti bambo ndiye amayendetsa nthawi zambiri, pofuna mtengo wotsika, pamene galimotolo limapita ndi mai kuchipatala kumene agwira nchito m'mawa uliwonse. Makolo amachitanso zomwezi polembetsa pa dzina lao galimoto limene kwenikweni ndi la mwana wao.

Bodza lotere lingakhale mlandu wa chinyengo pansi pa lamulo la Fraud Act la chaka cha 2006. Ndiponso lamulo la chaka cha 2012 lokhudza zimene wogula inshuwalansi ayenera kuulula limapatsa kampani mphamvu yothetsa pangano, kukana kulipira ndi kusunga ndalama zimene zinaperekedwa kale, ngati munthu ananama mwadala. Munthu wobvulazidwa pangoziyo angalipidwebe, chifukwa lamulo limamteteza, koma pambuyo pake kampani ingatembenukire banja lija kufuna ndalama zake, ndipo ndalama za munthu wolumala moyo wake wonse si zoti mphunzitsi kapena namwino angazikwanitse. Kuonjezera apo, munthu amene pangano lake linathetsedwa ndi kampani amafunsidwa za chimenecho pamene ali kufuna inshuwalansi kwina.

Maiko ena amachita motani

Si maiko onse a ku Ulaya amene anasiya nkhaniyi m'manja mwa makampani okha. Ku Italy, lamulo la chaka cha 2007, lodziwika ndi dzina la nduna Pier Luigi Bersani, linalola kuti munthu wogula galimoto loonjezera m'banja alandire gulu la mphotho la mbale wake wokhala naye nyumba imodzi, ndipo mbaleyo sataya kanthu. M'chaka cha 2020 mwayiwu unakuzidwa kufikira pa mapangano ongoonjezera chaka ndi pa njinga zamoto, kwa anthu amene sanapalamule ngozi m'zaka 5 zapitazo. Kumeneko mphotho yayandikira kukhala ya banja.

Ku Germany makampani ali ndi mwambo wokhazikika wolola kusamutsa mphotho kwa mkazi, mwamuna kapena mwana, koma ndi malire anzeru: wolandirayo sangalandire zaka zoposa zimene wakhala ndi laisensi. Mai amene wakhala ndi laisensi zaka 10 sangatenge zaka 30 za mwamuna wake. Atenga 10, zotsalazo zimatayika. Woperekayo amataya zonse. Njira imeneyi ikuoneka yachilungamo kuposa ya ku Britain, chifukwa imapereka kwa munthu zimene akanatha kuzipeza yekha, ndipo banja limadziwiratu chimene lidzapeza tsoka lisanagwe.

Kwa ochokera kuno

Mmalawi wokakhazikika ku Britain angayendetse ndi laisensi ya ku Malawi kwa miyezi 12 yokha, ndipo pambuyo pake ayenera kupambana mayeso a kumeneko. Anzake a ku Zimbabwe ndi South Africa ali ndi mwayi wongosinthitsa laisensi zao, chifukwa maiko awiriwo ali pa mndandanda wa maiko obvomerezedwa, koma Malawi ndi Zambia palibepo. Chotsatira chake nchakuti m'banja la ochokera kuno, amene wayamba kupambana mayeso ndiye amakhala mwini pangano, ndipo mnzake amadzalembedwa pambuyo ngati wololedwa. M'mabanja a anamwino, kumene mai ndiye anatsogola ulendo bambo nadzatsatira, wopanda mphotho amakhala bamboyo. Tsono bvutoli silisankha akazi okha ai. Limagwera aliyense amene dzina lake lili m'munsi mwa pepala.

Makampani ambiri a ku Britain salandira mphotho yochokera kumaiko akutali, koma alipo ena, makamaka opezeka kudzera mwa amkhalapakati a inshuwalansi, amene amaiganizira ngati pali kalata ya Chingerezi yochokera ku kampani yakale, yonena dzina la mwini pangano, zaka zake zopanda ngozi ndi tsiku limene pangano linatha. Kalata yotere njosabvuta kuipempha munthu asananyamuke, koma imasautsa kuilondola ali kale kutsidya kwa nyanja. Wogwira nchito m'Boma amene ali ndi inshuwalansi ya galimoto kuno, kaya ali ndi ulendo kaya alibe, achita bwino kufunsa kampani yake mafunso awiri: ngati pangano lake lili ndi mphotho yotere, ndiponso chimene chidzachitike nayo iye akamwalira mkazi wake ali moyo. Yankho alipemphe lolembedwa.

Tsiku la tsoka likafika

Chinthu choyamba kwa wamasiye si mphotho, koma kudziwa ngati ali wotetezedwabe. Pangano linali pakati pa kampani ndi malemu. Makampani ena amalipitiriza kwa kanthawi kuti banja likhazikike, ena amafuna pangano latsopano msanga. Wololedwa amene apitiriza kuyendetsa osafunsa angapezeke ali pamseu wopanda inshuwalansi m'masiku omwewo a chisoni, akupita kukalembetsa imfa kapena kukalandira alendo a pamaliro. Nchifukwa chake kampani iyenera kuuzidwa mwamsanga, ndipo galimoto liime kufikira yankho litamveka bwino.

Popempha mphotho, wamasiye akonzeretu kalata ya imfa, nambala ya pangano ndi laisensi yake, ndipo afunse poyera kuti zaka za malemu zilembedwe pa dzina lake. Kalaliki woyankha lamya sadzayamba yekha kutchula mwayi umenewu nthawi zonse. Kampani ikabvomera, ipemphedwe kalata yonena chiwerengero cha zakazo pa dzina latsopano, chifukwa popanda kalatayo wamasiye adzamangika ku kampani imodzi, osatha kukafuna mtengo wabwino kwina. Ikakana, afunse makampani ena asanalipire, pakuti zimene wakana mmodzi wina amalola.

Ngati aona kuti kampani yaphwanya lonjezo lake kapena yamsocheretsa, alembe dandaulo. Kampani ili ndi masabata 8 oti iyankhe. Yankho likapanda kumkhutiritsa, kapena likapanda kubwera, angatengere nkhaniyo ku ofesi ya Financial Ombudsman Service, imene imaweruza madandaulo otere kwaulere, malinga ngati wafikako isanathe miyezi 6 chilandirire yankho lomaliza la kampani. Ofesiyo imayang'ana zimene zinalembedwa m'pangano ndi zimene banjalo linauzidwa pa tsiku limene linali kugula.